Mwana wanga amawerenga ndi mphuno

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala pa boda kuno ku Mwanza. Ndimagulitsa manachesi pa benchi m'mphepete mwa msewu, pamene mathiraki amandanda kudikira mapepala. Nyengo ya manachesi ikatha ndimakazinga mandasi. Amuna anga, bambo a Esime, ndi dalaivala wa thiraki, amayenda ya ku Beira, ndipo pakhomo amangobwera kudzasintha zovala ndi kudzatiuza zomwe takhala tikulakwitsa iwo kulibe.

Nkhani yanga ndi ya mwana wathu woyamba, Esime, amene ali sitandade 1. Musafulumire kuseka, Aphungu, anzanga a pa benchi aseka kale mokwanira.

Pa Khirisimasi kunabwera alamu anga a Betty, achemwali awo a bambo a Esime, amene amakhala ku Chilomoni. Iwowa ali ndi ana aamuna okhaokha atatu, ndipo Esime akhala akumusirira kuyambira ali kumsana. Titatha kudya mpunga anamuitana mwanayo n'kumulozera kalendala ya pakhoma kuti awerenge. Esime anayang'ana chithunzi n'kunena kuti ndi ng'ombe. Inalidi ng'ombe, koma alamu sankafunsa za ng'ombe. Apa ndiye anayamba ulaliki: ku Blantyre ana a msinkhu umenewu amawerenga nyuzi, kuno m'kalasi imodzi ana amadzaza ngati pamsika, mwana ameneyu atayika ife tikuonerera. Bambo a Esime, amene pamaso pa achemwali awo amasanduka kamnyamata, ankangogwedeza mutu. Mapeto ake alamu anagamula kuti teremu yachitatu ikatha Esime asakuwerenga, apita kukakhala kwa azakhali ake, akalowe sukulu ya pulaiveti kumeneko.

Ine ndinavomera ndi pakamwa pokha. Sindikunena kuti alamu anga ndi oipa ayi. Koma nyumba ya anyamata atatu, mtsikana m'modzi, ine ndikudziwa amene azitsuka mbale. Komanso ndinene chilungamo, mwanayu ndimamufuna pafupi. Ndi amene amandichezetsa bambo ake akakhala pamsewu, amandifotokozera nkhani zonse za kusukulu, za amene walira ndi amene waba chigumu cha mnzake. Ndikaganiza zoti azidzuka m'nyumba ya wina, wina azimupesa tsitsi, mtima umandipweteka kwambiri.

Sukulu zitatsegulira, aphunzitsi ake anatiitana makolo n'kutilangiza kuti tizithandiza ana kunyumba. Anati pali mawu ena amene amabwerabwera m'buku, monga amayi, abambo, galu, ine, ali, ndipo mwana akawazolowera amangowazindikira pongowaona, osadodoma, monga momwe timazindikirira nkhope ya mnansi. Anati tiwalembe pa makhadi, liwu limodzi khadi limodzi, tizimuonetsa mwana tsiku ndi tsiku. Ndinatuluka mumsonkhanomo ndikuyenda mothamanga, ndikuti apa ndiye ndapeza populumukira.

Mapepala olimba ndinalibe, koma makatoni pa boda sasowa. Ndinapita ku golosale kwa a Swaibu ndipo anandisankhira zidutswa zosiyanasiyana: za katoni ya sopo, ya mafuta ophikira a ku Mozambique, ya mabisiketi, ina imene munali nsomba zouma za bakayawo. Ndinadula ndi mpeni wanga wa pa benchi, motero panalibe khadi lofanana ndi linzake. Lina linali lalitali, lina lopindika, lina lokhala ndi theka la chithunzi cha botolo kumbuyo. Ndinagula maka yakuda, cholembera cha inki chija, n'kulemba malembo akuluakulu, ndikutulutsa lilime ngati mwana wa sukulu.

Kuyambira pamenepo benchi langa linasanduka kalasi. Esime akaweruka ankabwera komweko, ndipo kasitomala akangochoka ndinkatulutsa makhadi m'dengu. Makhadiwo anaona zambiri. La galu analiluma mlongo wake Kinsley, amene nthawi imeneyo ankamera mano. La ine linapsa pakona litagwera pa mbaula. La ali linadonthera madzi a nachesi n'kuyamba kumata m'manja. Ine sindinkalabada, ndinkati bola malembo akuoneka.

Sipanapite nthawi, Esime anayamba kuwatchula onse. Ndikangotulutsa khadi, wayankha kale. Nthawi zina ankayankha khadi litazondoka, ine n'kumati nzeru zimenezi ndi za kwathu, si za kwa abambo ake. Makhadi ena ankawatenga m'manja n'kuwayandikiza kunkhope asanayankhe, moti ndinayamba kuganiza zopita naye kuchipatala ku boma kuti akamuone maso. Ndinaonjezera makhadi ena, iye n'kuwameza onse. Madalaivala ogula manachesi ankaima kuonerera, wina wa ku Tete mpaka anamuombera m'manja n'kumugulira masiwiti. Ine mapewa m'mwamba, kulongedza manachesi ngati mayi wa dokotala.

Kunyada kuja kunandituma kujambula kanema pa foni n'kutumizira bambo ake ali ku Beira. Iwo anaonetsa madalaivala anzawo onse, kenako anatumizira a Betty. Alamu anayankha mwachidule: "Zikomo kwambiri. Tidzaona ndi maso."

Ndiye kunabwera chiperoni, kamvula kamawawa kosatha kaja. Tsiku lina ndinathamangira basi ndi beseni la manachesi n'kuiwala makhadi poyera, ndipo pokumbukira ndinawapeza atafufuma, inki itayenderera. Sindinadandaule. Ndinati mpata wopanga makhadi abwino ndi umenewu, oti alamu akadzawaona asadzapeze ponyoza. Ndinagula pepala loyera lolimba, ndinabwereka sizasi kwa atelala, n'kudula makhadi ofanana bwinobwino. Mawu anali omwe aja, wolemba yemwe uja, maka yomwe ija.

Esime ataweruka ndinamukhazika pansi n'kutulutsa loyamba. Analiyang'ana, n'kundiyang'ana ine. Analitenga, kulitembenuza kumbuyo, kulisisita m'mbali ndi chala. Kenako, Aphungu, analinunkhiza. Anatenga lachiwiri n'kulinunkhizanso. Atamaliza onse anawasanja bwino, kundibwezera ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Amama, awa alibe mawu."

Ndinamufunsa kuti alibe bwanji, kodi sakuona kuti apa palembedwa amayi? Anapukusa mutu mondimvera chisoni.

"Amayi amanunkhira sopo," anatero. "Abambo amanunkha bakayawo."

Ine kukamwa yasa. Nditamufunsa za enawo anandifotokozera modekha ngati iye ndiye mphunzitsi: galu ndi lolumidwa lija, ine ndi lopsa, ali ndi lomata m'manja, sukulu ndi la botolo kumbuyo. Miyezi yonseyi mwana wanga wakhala akuwerenga katoni. Malembo amene ndinkavutika nawo aja iye ankawatenga ngati zokongoletsera.

Mnzanga wa benchi loyandikana nalo, a Deliwe, sanakhulupirire. Anatola kachidutswa ka katoni ya sopo, kulembapo mbuzi, n'kumupatsa. Esime ananunkhiza kamodzi kokha n'kuyankha mokweza, mosakayika n'komwe, kuti amayi. Mzere wonse wa mabenchi unafa nalo phwete. Mpaka lero alipo ena amene ndikamadutsa amalira ngati mbuzi, ndipo ndikatembenuka onse amakhala ali otanganidwa ndi kusanja manachesi.

Zosekazo ndingapirire. Chandisowetsa mtendere n'chakuti sukulu zitsekera posachedwapa, ndipo bambo a Esime aimba kuti ulendo uno akakatsitsa katundu ku Blantyre abwerera limodzi ndi achemwali awo, kuti alamu adzadzionere okha. Akuti agula kale chikwama cha sukulu choti adzamupatse mwana wawo wanzeru. Ine sindinawauze kanthu. Akafunsa pa foni ndimangoti zikuyenda, n'kuyamba kukamba za mtengo wa makala.

A Deliwe akundilangiza kuti ndipangenso makhadi ngati akale aja: makatoni omwe aja kwa a Swaibu, kuwotcha pakona, kudonthezera nachesi, zonse monga zinalili. Akuti alamu sangadziwe, bola tsikulo lidutse, kuwerenga kwenikweni kuzibwera pambuyo. Ndisakubisireni, ndinayambapo kale. La sopo ndi la bakayawo ndapanga, la ine ndaliwotcha. Lovuta ndi la galu, chifukwa Kinsley mano anamera ndipo katoni sakuifunanso. Ndinapakapo shuga, iye anangonyambita n'kutaya. Ndinaganiza zoluma ndekha, koma mano anga ndi akuluakulu, Esime angazindikire.

Komabe mtima wanga sukukhazikika. Ndikayesa kumuphunzitsa ndi makhadi oyera aja ndimapsa mtima msanga, ndipo kangapo konse ndamuuza kuti akapitiriza chibwana anti ake akubwera kudzamutenga. Masiku ano akaona dengu la makhadi amati m'mimba mukupweteka. Dzana ndinamupeza kuseri kwa benchi atatenga khadi loyera limodzi, akulipaka sopo wochapira. Silinali n'komwe la amayi, linali la galu. Atandiona analibisa kumbuyo, n'kundifunsa ngati ku Blantyre n'kutali.

Aphungu, ndichite chiyani? Ndimalize makhadi a katoni aja kuti mwana wanga asapite? Ndikaulula, bambo ake achita manyazi kwa anzawo onse amene anawaonetsa kanema, ndipo alamu anyamuka naye mwanayu tsiku lomwelo. Kodi mutu wa mwana wangayu uli bwinobwino? Nanga nthawi yatsalayi ingakwane kuti aphunzire kuwerenga ndi maso ngati ana a anthu ena? Ndithandizeni, ndagwira njakata.

L.Z., Mwanza

Mayi L.Z.,

Munandichenjeza kuti ndisafulumire kuseka ndipo ndinayesetsa ndithu, koma pa bakayawo paja ndinagonja. Mundikhululukire. Ndapukuta misozi, tsopano tikambirane.

Ndiyambe ndi funso limene likukuopsani: mutu wa Esime uli bwino kwabasi. Taganizani, mwana ameneyu anasunga mulu wonse wa makhadi m'mutu, lililonse ndi fungo lake, chipsera chake, osasokoneza ngakhale limodzi. Inu munkamufunsa kuti "ili ndi chiyani," koma simunamuuze poyang'ana, ndiye anadzisankhira njira yachidule. Ana ambiri amachita zomwezi. Ena amaloweza chithunzi cha patsamba, ena amaloweza ndondomeko ya makhadi, ena amangotsatira anzawo m'kalasi ngati kwaya. Wanuyo anangoonjezerapo mphuno. Ndipo miyezi ija sinapite pachabe, chifukwa tsopano akudziwa kuti khadi lililonse lili ndi liwu lake. Chatsala n'kumusonyeza pamene liwulo limakhala.

Za nzeru ya a Deliwe, isiyeni lero lomwe, ndipo Kinsley mumuleke adye shuga wake m'phala. Mukuganiza kuti munthu amene anayankha kuti adzaona ndi maso akubwera kudzaombera m'manja makhadi anu? Mayi wolera ana atatu a sukulu abwera ndi buku lake m'chikwama, kapena atola kamtengo n'kulemba pansi. Pamenepo mudzagwidwa poyera, ndipo kulephera kwa mwana kudzakhala nkhani yaing'ono. Nkhani yaikulu idzakhala yoti munanamiza amuna anu mwadala, ndipo mawu anu pa za mwanayu sadzamvekanso. Ngakhale alamu atapusitsika, Esime adzakhala ataphunzira phunziro lina, loti iye ndi amayi ake amapusitsa abambo. Limenelo ana amaligwira msanga kuposa a e i o u.

Makhadi oyera ofanana aja munachita bwino, ndiwo oyenera. Koma musatulutse mulu wonse. Sankhani atatu kapena anayi okha, ndipo limodzi likhale la dzina lake, chifukwa palibe mwana amene safuna kuona dzina lake. Poyamba musamufunse kanthu. Ikani chala chanu pansi pa liwu, litchuleni pang'onopang'ono chala chikuyenda, a-ma-yi, kenako mugwire chala chake chiyende chomwecho. Chichewa chathu n'chachifundo, chimene chalembedwa ndi chimene chimatchulidwa, choncho maphatikizo amene akuimba kusukulu aja, ma me mi mo mu, ndiwo makiyi ake. Pitani kwa aphunzitsi ake mukafunse malembo amene afikapo, ndipo musankhe mawu okhala ndi malembo amenewo. Muwafotokozerenso za mphunozi, musachite manyazi, aona zambiri.

Aphunzitsiwo sananame ponena kuti mwana amafika pozindikira liwu pongoliona. Koma zimenezo zimabwera diso likadutsa m'malembo a liwulo kambirimbiri. Afunseni bambo a Esime za msewu wa ku Beira. Ulendo woyamba ankafunsa pamphambano iliyonse, lero amakhota asanaganize n'komwe. Esime naye ayambe wadutsa m'malembomo, liwiro libwera lokha.

Ndiye liwu lililonse alione m'malo ambiri. Mulilembe pansi ndi kamtengo, pa thabwa la benchi ndi khala, lalikulu, laling'ono, lero inu, mawa a Deliwe, popeza aonetsa kale kuti kulemba amatha. Iye alilembe ndi chala pamchenga akulitchula, kapena asanje makoko a manachesi kupanga chilembo choyamba. Makhadi muziwasakaniza nthawi zonse. Ndipo makatoni a kwa a Swaibu musawataye, ali ndi ntchito. Lembani amayi pa katoni ya bakayawo, abambo pa ya sopo, galu pa ya mabisiketi, n'kumuuza kuti lero mphuno ikufuna kumunamiza, tione ngati maso aigwire. Mwana wochenjera ngati ameneyu sewero lotere alikonda, ndipo adzionera yekha kuti fungo limasintha koma malembo sasintha.

Chinthu chimodzi musaiwale: akayankha molondola, mufunseni kuti wadziwa bwanji, ndipo aloze ndi chala. Mukanafunsa funso limeneli mwezi woyamba bwenzi lero anthu asakulira ngati mbuzi mukamadutsa. Akalakwitsa musakuwe, ingonenani kuti tionenso, n'kubwezera chala poyambira.

Timawu ting'onoting'ono monga ali, ndi, pa, tilibe chithunzi m'mutu mwa mwana, choncho patokha timaterera. Tiikeni m'ziganizo zazifupi posanja makhadi pa benchi: Esime ali pa sukulu, galu ali pa benchi. Akawerenga chiganizo choseketsa n'kuseka, dziwani kuti wamva zomwe wawerenga. Mumutumenso kukasaka. Mupatseni tsamba la nyuzi ya Chichewa kapena buku lake la kusukulu, apeze pamene pali ali, azungulize ndi pensulo. Mawu a pa zikwangwani za magolosale nawonso ndi aulere. Chizungu chikadzafika mudzapeza mawu ena amene satchulidwa monga alembedwera, ofunika kungowazolowera nkhope, koma njira yake ndi yomweyi: ochepa, kawirikawiri, m'malo osiyanasiyana.

Phunziro lisatalike. Nthawi yosenda ndi kudya manachesi awiri yakwana, ndipo muzileka iye asanatope. Owonerera achoke. Madalaivala agule manachesi azipita, anzanu a mabenchi ayang'ane malonda awo. Mwana amene anasekedwa ndi mzere wonse akufunika kumalakwitsa pamaso pa amayi ake okha.

Mwafunsa ngati nthawi ikwane. Sindikunamizani: pofika tsikulo Esime sadzawerenga nyuzi. Mukalimbikira mofatsa akhoza kudziwa mawu owerengeka, koma adzakhala akeake, oti angawazindikire ngakhale alamu atawalemba pa chikhatho. Kwa mwana wa sitandade 1 chimenecho n'chiyambi chabwino, ndipo aphunzitsi ake angakuuzeni chimodzimodzi.

Tsopano za bambo a Esime. Aimbireni foni asanafike ku Blantyre, asanakhale pansi ndi achemwali awo. Afotokozereni monga mwandifotokozera ine, ndi nthabwala zake zomwe. Yambani ndi za sopo ndi mbuzi, chifukwa pamenepo wosekedwa ndinu, za bakayawo zibwere akayamba kale kuseka. Manyazi a kanema achita, koma ndi ochepa powayerekeza ndi oti adzazindikire pamaso pa achemwali awo. Madalaivala anzawowo ali ndi ana awonso, nkhani imeneyi akaimva aiseka ulendo wonse mpaka ku Beira, ndipo palibe amene adzafe nayo.

Akatha kuseka, auzeni chimene mwandiuza ine koma iwo simunawauzepo: kuti pa Khirisimasi paja munavomera ndi pakamwa pokha, ndipo simukufuna kuti mwana achoke. Nkhani yeniyeni ndi imeneyi, Mayi L.Z., makhadi angolowererapo. Inu mwakhala mukudula makatoni miyezi yonseyi pothawa kunena chiganizo chimodzi kwa amuna anu. Chineneni mwaulemu, osanyoza alamu, osatchula za mbale. Amuna anu akufuna mwana wophunzira, inunso mukufuna zomwezo, ndiye apempheni kuti akabwera mupitire limodzi kwa aphunzitsi, akamve okha pamene mwana wa msinkhu umenewu amayenera kufika. Apatseninso ntchito: ali pamsewu azitumiza liwu limodzi pa foni loti Esime awerenge, iye aziwayankha politchula pa foni pomwepo. Bambo amene akuphunzitsa nawo safulumira kupereka mwana. A Betty nawo musawatsekere kunja. Ngati amamukondadi Esime, mabuku a ana awo amene anawapitirira abwere nawo, ndipo pa holide mwana akhoza kukacheza n'kubwerako.

Nditsirize ndi chenjezo, ndipo apa sindikuseka. Mawu oti anti akubwera kudzakutenga asatulukenso pakamwa panu. Mukuti mwana akuchita chibwana, koma mwana amene m'mimba mumamupweteka akaona dengu, amene akubisala kuti apake sopo pa khadi, sakusewera. Wamva zonse, wazindikira kuti kukhala kwake pakhomo kwapachikidwa pa makhadi amenewa, ndipo akuyesetsa mwa njira yokhayo imene akuidziwa. Mantha otere amatseka mutu, ngakhale mutabweretsa mphunzitsi wa ku Blantyre komweko.

Choncho musanatulutse khadi lina lililonse, mukhazikeni pamiyendo mumuuze kuti sanalakwe kanthu, kuti za komwe azikhala ndi nkhani ya akuluakulu, ndipo palibe khadi limene lingamuchotse kwa amayi ake. Kenako muonetsetse kuti mawu amenewo akhale oona. Alendo akafika pasakhale mayeso a pabwalo, mwana ataimikidwa pakati, azakhali atapinda manja. Ngati akufuna kuonetsa mawu amene waphunzira aonetse mwa kufuna kwake, ndipo za ku Chilomoni mukambirane atatu iye ali kosewera. Mukadzagwirizana tsiku lina kuti akaphunzire kwina, zidzakhale chifukwa makolo mwaona kuti n'zomuthandiza, osati chilango.

Liwu la pa khadi mwana akhoza kuliiwala mawa n'kuliphunziranso mkuja. Koma tsiku limene analakwitsa liwu pamaso pa abambo ake n'kukwezedwa minibasi sadzaliiwala, ndipo buku lililonse lizidzamukumbutsa. Tsiku limenelo lisafike, Mayi L.Z. Tengani foni muwaimbire bambo a Esime.

Aphungu